Moto wa Pansi pa Kalavati

Uthenga wa imfa ya Che Twaibu unandipeza Lachitatu masana, ndili pa ntchito ku Nkaya. Anandiimbira ndi mnzanga wina wa ku Nsanama, ndipo pamene ankaimbapo anthu anali akubwerera kale kuchokera kumanda, pakuti Asilamu sagoneka maliro. Ndinayankha zija timayankha tonse, kuti pepani, Mulungu awalandire. Nditadula foni, ndisaname, chimene chinayamba kundifika mumtima si chisoni. Unali mpumulo. Munthu yekhayo amene ankadziwa zimene ndinachita anali atapita nazo m'nthaka. Manyazi anabwera pambuyo pake, ndipo mpaka lero sanachoke.

Kuyambira ku Nsanama mpaka kufupi ndi Nayuchi alipo anthu amene mukatchula Che Twaibu amati, aa, mdala uja anachotsedwa ntchito chifukwa choboola mabogi a sitima onyamula tirigu. Sanaboole bogi ndi imodzi yomwe. Ine ndikudziwa chifukwa ndinalipo, ndipo bodza limene linawamaliza linatuluka pakamwa panga. Ndikulemba izi kuti dzina lawo liyere, ngakhale ndachedwa nazo kwambiri.

Anali woyendera njanji. Munthu wa ntchito imeneyi amalawirira m'mamawa n'kuyenda wapansi pakati pa njanji, kuyang'ana ngati pali bawuti lomasuka, chitsulo chosweka kapena dothi logumuka, kenaka n'kubwerera dzuwa litapendeka. Iwo anaiyamba ine ndisanabadwe. Anali amfupi, a matewe, ndipo ankavala chisoti choyera cha Chisilamu pansi pa chipewa cholimba cha kampani, moti chipewacho chinkakhala m'mwamba ngati chivundikiro cha poto wina. Miyendo yawo inali itazolowera kutalikirana kwa masilipa, zipilala zogona zija zimene njanji imakhalapo, kotero kuti ngakhale pamsika ankayenda timasitepe tofanana tokhatokha. Anthu a kabaza ankawazindikira ali kutali chifukwa cha mayendedwewo.

M'dzanja simunkasowa nyundo ya mpini wautali. Ankagogoda njanji, n'kupendeketsa mutu, n'kumvetsera. Kutentha kwa chitsulo ankakuyesa ndi kuseri kwa dzanja, chifukwa amati chikhatho chimanama, chinakhuthala ndi khasu. Ankakonda kunena kuti njanji ili ngati munthu wogona: kukatentha imafuna kutambasula miyendo, ndipo ukaimana malo imakankha chilichonse chili pafupi. Ankanena zoona. M'mwezi wa Okutobala, dzuwa likaswa mtengo, chitsulo chimatalika, ndipo chikasowa kopita chimapindika mwadzidzidzi, sitima n'kugwa.

Musaganize kuti anali mngelo. Lilime lawo linali lakuthwa, ndipo mawu akuti ndalakwa sindinawamvepo pakamwa pawo. Anakhala chaka chathunthu osalankhulana ndi mnzawo wa pa ntchito chifukwa cha sipanala imene inabwezedwa ili ndi dzimbiri. Tsiku lina anaimitsa sitima ya malasha ndi mbendera yofiira chifukwa choti njanji inalira molakwika ataigogoda. Akatswiri anabwera, anayeza, sanapeze kanthu. Atafunsidwa, anayankha kuti njanjiyo inachita manyazi itaona anthu ambiri. Kupepesa ndiye ayi.

Ine ndinabwera pa njanjiyo ndi chinthu chimene iwo anachiona ngati mdani. Kampani inali itakwirira chingwe chakuda m'mbali mwa njanji, ndipo m'malo ena, monga pa milatho, chingwecho chinkadutsa poonekera. M'kati mwake muli ulusi wa galasi woonda ngati tsitsi. Makina amene ali ku Nkaya amaponya kuwala mu ulusiwo, kuwala kwina kumabwerera, ndipo makinawo akaona mmene kwabwerera amadziwa kuti pa mita iliyonse ya ulusi patentha bwanji, komanso ngati ulusiwo ukukokedwa. Dothi likamatsetsereka, ulusi umakokeka. Pena pakatentha mopitirira, umamva. Zonsezi zimaoneka pa kompyuta ngati mzere wautali, ndipo pamene pali vuto mzerewo umatukuka. Ntchito yanga inali kuyang'anira mzere umenewu.

Tsiku loyamba kuonana, anandiyang'ana kuyambira ku nsapato zanga zatsopano mpaka kumutu.

"Ndiye ndinu mwabwera ndi galasi loti lizindigwirira ntchito?"

"Iyayi, ambuje, tabwera kudzathandizana."

"Eya. Momwe thirakitala imathandizirana ndi khasu."

Kuyambira pamenepo dzina langa linatha. Ndinakhala a Galasi, ndipo mpaka lero kuchigawo chimenecho palibe amandidziwa ndi dzina lina.

Komabe galasilo linkawafuna. Makina amangonena kuti patentha pa mita yakutiyakuti ya ulusi, koma chingwe sichiyenda chowongoka ngati njanji. Chimakhota, pena chimapindidwa kuti chisungike chotsala, moti manambala ake sagwirizana ndi zikwangwani za makilomita. Kuti tidziwe kuti mita iyi ili pati, pamafunika munthu apite pa malo odziwika, atenthetse chingwe, wina aone pamene mzere watukuka. Tinagwira ntchito imeneyi anthu awiri kwa milungu itatu. Iwo ankanyamula ketulo yakuda ya kunyumba kwawo, ankasonkha timitengo, madzi akawira ankakulunga chingwe ndi sanza n'kuthira. Ine ndinkayang'ana pa kompyuta yanga yonyamula m'chikwama. Patapita kamphindi mzere unkatulutsa kansonga ngati munga, kenaka n'kutsika madzi akamazizira.

Ulendo woyamba anadziiwala. "Yaona? Madzi a ketulo yanga awaona ku Nkaya?" Anandiuza kuti tibwereze, ndipo kansonga katatulukanso anaseka mpaka mano awo onse asanu anaonekera. Atazindikira kuti ndikuwayang'ana anakwinyanso nkhope, n'kunena kuti ngakhale mwana wakhanda amadziwa madzi otentha. Madzi otsala m'ketulo sankataya, ankasunga oti asambe m'manja ndi m'mapazi nthawi yoswali ikakwana.

Pa malo aliwonse ankandipatsa dzina. Lembani pa Mbuzi Zitatu. Lembani pa Msikiti Wakugwa. Lembani pa Chitedze. Ine ndinkafuna manambala okha, koma iwo amati munthu wothamangira kukakonza njanji akasochera safunsa anthu a m'mudzi nambala. Ndinalemba zonse ziwiri, ndipo mapu anga anatuluka abwino kuposa a anzanga a zigawo zina. Mabwana anandiyamikira ine.

Mkangano wathu waukulu unali wa pa Chitedze. Pamenepo njanji imadutsa pamwamba pa mulu wautali wa dothi, m'mbali mwa dambo. Iwo ankati dothilo likuyenda. Mzere wanga unali wosalala, osakokeka ngakhale pang'ono. Ndinauza a ku ofesi kuti mdalayo akulota masana, ndipo mawuwo anawapeza, poti mawu a ku ofesi sasowa miyendo.

"A Galasi, akuti ndikulota?"

"Ambuje, kuwala sikunama."

"Sikunama, koma kumagona. Tiyeni."

Tinapita. Anafukula ndi manja mpaka anapeza chingwe, ndipo anachitukula ndi chala chimodzi. Amene anakwirira anachisiya cholendewera, chokhotakhota m'ngalande. Anandifunsa ngati chingwe cholendewera chimamva mbuzi ikayamba kukoka. Ndinabwerera ku Nkaya n'kulemba lipoti lakuti ndapeza vuto pa Chitedze, ndipo dzina lawo silinalowemo. Nthawi imeneyo ndinaona ngati n'zazing'ono.

Za pa Chitedze anandifunsanso patatha zaka ziwiri atachotsedwa ntchito, tsiku lokhalo limene tinaonana chichitikire mlandu wawo. Linali tsiku la msika ku Ntaja. Ndinawaona ali pansi pa mtengo, akukhomera anthu mipini ya makasu, atawonda, chisoti chokha kumutu. Ndinayesa kuzembera kuseri kwa njinga ya wogulitsa nsomba, ine munthu wamkulu ndi ndevu zanga.

"A Galasi!"

Ndinapita. Ndinkadikira chipongwe, ndipo kunena zoona ndinkachifuna, chifukwa munthu akakutukwana umapezako poimira. Koma anangondipatsa moni, n'kufunsa za kunyumba, kenaka anatsitsa mawu.

"Pa Chitedze paja, chingwe munachikoka bwino? Mvula ya chaka chino ikhala yambiri. Musadalire galasi lokha, muzitumako munthu."

Ndinati tinakonza. Ndinati ndili pa changu, galimoto ikundidikira. Panalibe galimoto, ndinabwera pa kabaza.

Tsopano ndinene za mlanduwo, poti ndazungulira mokwanira.

Chinali chaka chimene galu wakuda analowa m'midzi yonse ya Machinga ndi Balaka. Mvula inadula chimanga chikumasula, ndipo minda inayera ngati yawauka ndi moto. Nyanja ya Chiuta inaphwa kutali, asodzi n'kumakumba nyika, mizu ya maluwa a m'madzi, m'matope m'malo mwa nsomba. Mango ankathyoledwa akadali ang'onoang'ono n'kuwiritsidwa. Madeya amene kale tinkapatsa nkhuku anthu ankalimbirana pa chigayo. Ngakhale ife a pa ntchito tinkabwerako kumsika ndi thumba lopanda kanthu, chifukwa chimanga chenichenicho kunalibe. Che Twaibu ankati m'Chiyao njala ndi sala, pemphero ndi swala, mawu awiri ongosiyana pang'ono, koma swala munthu amaigwira kasanu pa tsiku pamene sala imamugwira iyeyo tsiku lonse.

Sitima zochokera ku Mozambique zinkadutsa ndi tirigu wopita ku zigayo za m'tauni. Pa khona ina, pakati pa Nsanama ndi Nayuchi, mabogi amagwedezeka kwambiri, ndipo akale ankadontha tirigu pa zitseko. Sanali wambiri, ankangogwera m'mipata ya miyala. Amayi a m'midzi yapafupi anayamba kubwera ndi malichero kudzatola kambewu kamodzikamodzi. Lamulo silinkalola munthu pa njanji, komanso alonda a kampani ankagwira aliyense wopezeka ndi tirigu m'nsalu, chifukwa kumadera ena kunalidi akuba oboola mabogi. Kuthamangitsa amayiwo inali ntchito ya Che Twaibu, ndipo sabata yoyamba anawathamangitsadi, ndi lilime lawo lija.

Kenaka tsiku lina anapeza mayi wina wachikulire atakhala pa chitsulo penipeni, lichero pamiyendo, akulephera kudzuka, sitima itatsala pang'ono kufika. Anamunyamula n'kukamuika pamthunzi. Kuyambira tsiku limenelo anasiya kuthamangitsa, anayamba kulamula. Nthawi za sitima ankazidziwa pamtima, ndiye ankauza amayiwo nthawi yokwera pa njanji ndi nthawi yotsika, ndipo wochedwa kutsika ankamva zowawa. Lamulo lawo lalikulu linali lakuti tirigu asachoke pamalopo. Pafupi ndi khonayo pali kalavati, kamlatho ka simenti kodutsa madzi pansi pa njanji, ndipo chaka chimenecho munali mouma. Tirigu yense ankawiritsidwa mmenemo ndi mchere, anthu n'kudya pomwepo, ana ndi okalamba omwe. Iwo amati mlonda amafufuza m'nsalu ndi m'thumba, koma m'mimba safufuzamo.

Chimene anaiwala, kapena sanaiwale koma analibe kochitira kwina, n'chakuti chingwe chathu chimadutsa m'paipi yachitsulo kudenga kwa kalavatiyo.

Ine ndinaona pa kompyuta. Masana aliwonse mzere unkatukuka pa malo amodzimodzi. Pa mapu anga panalembedwa kuti pa Kalavati wa pa Khona, dzina limene anandipatsa Che Twaibu. Ndinakwera njinga yamoto nditakwiya, ndikukonza m'mutu mawu oti ndikanene. Ndinapeza anthu pafupifupi makumi awiri atakhala mumthunzi wa kalavati, mapoto awiri pamoto. Che Twaibu anali chiimire pakhomo ndi nyundo yawo.

"Ambuje, mukudziwa kuti moto uwu ukhoza kuwononga ulusi? Mukudziwa kuti ku Nkaya ukuoneka?"

"Ndikudziwa. Khalani pansi, a Galasi, mwayenda mtunda."

Mayi wina anandipatsa mbale ya pulasitiki. Ndikanatha kukana. Ndinadya, ndipo ndinamaliza mbale yonse, chifukwa tirigu wowiritsa ndi mchere amakoma munthu ukakhala kuti wagonera tiyi. Nditatha, Che Twaibu anandiitanira pambali. Anati moto ausunthira kukhomo ndipo aika lata pamwamba kuti paipi isatenthe kwambiri, koma akudziwa kuti galasi liziona ndithu.

"Pa buku lanu lija mumalemba chifukwa chake mzere ukatukuka. Lembani kuti ndi ketulo. Lembani kuti tikuyesa chingwe. Yatsala miyezi iwiri kuti anthu ayambe kukazinga chimanga chatsopano."

Ndinavomera, ndipo sindinavomere chifukwa cha chifundo chokha. Amayi aja ankandiyang'ana ngati munthu wamkulu, wina anati bwana uyu ndi wa mtima wabwino, ndipo zinandikomera m'khutu. Tsiku lililonse ndinkalemba m'buku kuti kuyesa ndi ketulo, n'kusaina.

Pali chinanso chimene sindinauzepo munthu. Amayi anga ku Utale miyendo inali itayamba kutupa ndi njala. Ulendo wanga wachiwiri pa kalavati ndinawauza Che Twaibu. Anakanda pansi ndi mpini wa nyundo. Kenaka anatenga chikwama changa cha kompyuta, anatulutsa kompyutayo n'kundipatsa m'manja, ndipo anathiramo tirigu wosaphika wa m'lichero la tsiku limenelo. Amayi otola aja ankaona, palibe anadandaula.

"Inu sakufufuzani, muli ndi chiphaso pakhosi. Akasinje, aziphika phala."

Anaphwanya lamulo lawo chifukwa cha ine, ndipo analiphwanya kanayi. Pa anthu onse amene anadya pa kalavati paja, amene anachokapo ndi tirigu m'chikwama ndi ine ndekha. Amayi anga anachira, alipo mpaka lero.

Zinayenda milungu isanu. Kenaka kunabwera mayi injiniya wochokera ku likulu kudzaona mabuku athu. Sanali munthu woipa, ankangodziwa ntchito yake. Anaona mzere, anaona buku langa, ndipo asanandifunse kanthu anatumiza alonda pa kalavati. Anapeza mapoto, malichero ndi tirigu. Patapita masiku awiri tinaitanidwa tonse m'kachipinda ka pa siteshoni, Che Twaibu atavala yunifolomu yochapa, chipewa cha kampani chili pamaondo.

Mayiyo anayala pepala patebulo n'kuloza ndi cholembera. Anati madzi a ketulo amatukula mzere kwa mphindi zochepa, kenaka umatsika. Uwu unkakhala m'mwamba maola awiri tsiku lililonse. Kenaka anandiyang'ana ine.

"Tandiuzani, bambo, ndi ketulo yanji imene imawira maola awiri? Mwasaina ndinu apa. Munapitako pa malo amenewa?"

Ndikukumbukira kuti kunja kunkalira njiwa. Ndikukumbukira kuti ndinaganiza za chiphaso changa, za nyumba ya kampani, za ana anga awiri. Sindinaganize nthawi yaitali, ndipo chimenechi ndi chimene chimandipweteka kwambiri. Bodzalo linatuluka mosavuta ngati linali lokonzeka kale.

"Iyayi, mayi, sindinapondeko. Ine ndimalemba zimene amandiuza Che Twaibu pa foni. Amati akuyesa chingwe."

Che Twaibu anatembenuka n'kundiyang'ana. Sanakwinye nkhope, sanapukuse mutu. Anandiyang'ana momwe ankayang'anira njanji akaigogoda, mutu utapendekeka pang'ono. Kenaka anatembenukira kwa mayiyo.

"Ndi zoona, bwana. A Galasi sakudziwa kanthu. Ndimawanamiza ndine."

Munthu amene sanavomerepo kulakwa pa sipanala kapena pa sitima ya malasha anavomera bodza la munthu wina. Amati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo ine mwambi umenewu ndinkaunena mopepuka ndisanaone munthu akuzimitsa moto wanga ndi thupi lake. Mayi injiniya anawafunsa ngati tirigu ankachoka pamalopo kupita kwina. Apa ndi pamene ndikanatsegula pakamwa. Iwo anati iyayi, yense ankathera m'mimba. Ine ndinkayang'ana nsapato zanga, chikwama chija chili pamiyendo panga, m'misoko yake mukadali timbewu.

Anachotsedwa tsiku lomwelo, chifukwa cholola anthu pa njanji ndi kusonkha moto pansi pa chingwe. Pepalalo silinanene za kuba, koma alonda anali atafalitsa kale kuti mdala wa nyundo ndi amene ankaboola mabogi, ndipo nkhani yoipa imayenda msanga kuposa pepala. Amayi amene ankadya paja ankadziwa zoona zake, koma ndani amamvera mayi wotola tirigu m'miyala? Moto unazima kutatsala milungu itatu kuti chimanga chiyambe kucha m'madimba. Kumene anthu aja anadya milungu imeneyo sindikudziwa, chifukwa sindinafunse. Ine ndinachenjezedwa pakamwa kuti ndisamakhulupirire za pa foni, ndipo anandipempha kulemba maganizo a momwe tingatetezere chingwe. Ndinalemba kuti kalavati atsekedwe ndi zitsulo mbali zonse ziwiri. Analandira maganizowo ndi manja awiri.

Pa tsiku la makumi anayi chimwalirire, abale anachita sadaka monga mwa mwambo wawo, ndipo ndinapita. Ndinanyamuka kwathu ku Balaka nditatsimikiza mtima kuti ndikaulula kwa akazi awo, Abiti Mussa, pamaso pa aliyense amene angakhalepo. Njira yonse ndinkabwereza mawu.

Pakhomo panali anthu ambiri, amuna pamikeka kutsogolo, amayi kuseri. Mapemphero atatha ndinapempha kuonana ndi amayiwo. Anatuluka atafunda nsalu kumutu, munthu wamng'ono thupi wa maso ofiira. Nditatchula dzina langa lenileni sanandizindikire. Nditati a Galasi, anagwira dzanja langa ndi manja awo onse awiri.

"Ndinu! Bambo ankakutchulani kawirikawiri. Amati tsiku la mlandu, bwenzi atawapereka kupolisi, koma inu munawalankhulira. Amati pa ofesi yonse ija munthu anali mmodzi." Anatembenukira kwa amuna a pamkeka n'kukweza mawu. "Awa ndi a Galasi aja! Apatseni malo pafupi ndi a shehe."

Sindikudziwa chifukwa chimene anawauzira zimenezo. Mwina akazi awo anawafunsa za mnzawo wa ketulo uja, ndipo sanafune kuti pakhomo pawo pakhale dzina loti azilitemberera. Mwina ankandipatsa mpata woti ndidzakonze ndekha. Amuna anasuntha, anandipatsa malo, wina anandithira madzi m'manja.

"Mayi," ndinatero, "pali mawu amene ndabwera nawo."

"Idyani kaye, bambo, mpunga uzizira. Mawu sathawa."

Ndinakhala pafupi ndi a shehe. Anandiikira nyama yabwino mbali yanga ya mbale. Ndinadyanso. Nditasamba m'manja ndinatsanzika mwaulemu, anandiperekeza mpaka pamsewu, ndipo mawu aja ndinabwerera nawo.

Sindinapite ku Balaka mwachindunji. Ndinauza wa kabaza kuti andisiye pa khona, ndipo ndinatsika ndekha kukafika pa kalavati. Zitsulo zija zilipo, zopakidwa utoto wachikasu, ndi loko wamkulu amene kiyi wake amakhala m'kabati ya mu ofesi yanga. Mwaye wa kudenga anaupaka laimu. Mafuwa anachotsedwa, pansi pamera udzu woyera wosaona dzuwa, ndipo mphepo yaunjika mapepala a shuga pakona. Njira imene amayi ankatsikira inatsekeka ndi minga. Pamwamba, pakati pa njanji, palibe mapazi a munthu, chifukwa chigawo chimenecho sayendamonso tsiku ndi tsiku, amadalira mzere wanga. Ndinaima pamenepo mpaka sitima inadutsa, ndipo tirigu anagwa m'miyala monga kale, njiwa n'kutera.

Ku Nkaya, tikafuna kudziwa ngati makina akuyeza bwino, timayang'ana malo amodzi amene kutentha kwake sikusintha, opanda dzuwa, opanda munthu, opanda chochitika. Anzanga anasankha okha malo oterowo, osadziwa kanthu, ndipo ndi pa kalavati paja. M'mawa uliwonse ndisanayambe ntchito ndimayenera kuyang'ana pamenepo, n'kulemba m'buku kuti pali bwino, n'kusaina.